Tsiku Limene Katani Inagwa

Kalata yachitatu yomukana sikolashipu inamupeza mtsikanayu atagwada pansi, akuwotcherera mwendo wa bedi. Anaiwerenga pa foni, n'kukabisala kuseri kwa mageti osapenta, n'kulira mpaka mamina.

Pa shedi yomwe ankagwirapo ntchito aliyense ankamutchula kuti Injiniya, koma linali dzina lomuseka. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye anakulira kwa malume ake, mmisiri wowotcherera zitsulo. Yunivesite ina yakunja inali itamupatsa malo oti akaphunzire uinjiniya. Komatu malo si fizi, abale anga. Pankafunika sikolashipu, ndipo yunivesiteyo inali itanena mosapsatira kuti akapanda kubwera chaka chimenecho, malowo apatsa wina.

"Kulira kwakwana," anatero malume ake. "Mwini bediyo akubwera masana. Ukamaliza, ulembenso kwina."

Analembadi. Anzake akamapuma, iye ali pa foni kusakasaka mabungwe othandiza ophunzira. Vuto lake linali limodzi: ntchito yakeyi ankachita nayo manyazi. M'makalata monse ankangolemba za umasiye ndi umphawi. Zoti manja ake amadziwa chitsulo, ayi ndithu, sankatchula n'komwe.

Mwamwayi bungwe lina linamuitana ku intaviyu ya pa vidiyo. Netiweki kunyumba inali yovuta, yabwino inali ku shedi. Mtsikana uja anabwereka jekete, n'kupachika katani ya maluwa kumbuyo kwake kuti zitsulo zisaoneke.

"Malume, chonde, theka la ola lokha, musagogode kanthu."

"Ine ndikhala phee, mwanawe. Ngakhale kutsokomola ayi."

Pa foni panaoneka anthu atatu, wamkulu wawo mayi wa magalasi. Injiniya ankayankha zoloweza pamtima. Anaona bambo mmodzi akuyang'ana wotchi. Anadziwa kuti apanso zavuta.

Koma malume aja, munthu wosaugwira mtima, ananyang'ama kuti amve nawo. Anapunthwa pa waya, n'kugwira katani kuti asagwe. Katani yonse pansi! Anangoima poyera ndi ovolosi yawo yamafuta, kukamwa yasa, kenako n'kuwabayibitsa alendowo ngati akuwadziwa. Mtsikanayo analakalaka nthaka itang'ambika.

"Kodi zili kumbuyo kwanuzo n'chiyani?" anafunsa mayi wa magalasi uja.

"Ndi njinga za anthu olumala," anayankha chapansipansi. "Ndimapanga ndine, ndi zitsulo za njinga zakutha."

"Inuyo? Nanga bwanji simunalembe zimenezi m'kalata yanu? Tationetsani."

Ananyamula foni n'kuyandikira njingazo. Anafotokoza chifukwa chake amaika matayala onenepa, oti asatitimire mumchenga, ndi mmene anasunthira buleki kuti mayi wina wa dzanja limodzi aziifikira. Zoloweza zija anaziiwala, manyazi nawo anathawa. Bambo wa wotchi uja ndi amene anafunsa mafunso ambiri. Theka la ola linasanduka ola lathunthu.

Patatha milungu iwiri kalata inabwera. Bungwelo linati limulipirira fizi, malo ogona ndi tikiti ya ndege. Analiranso kuseri kwa mageti komwe kuja, koma ulendo uno akuseka.

Lero ali kunjako, chaka chachitatu. Dzina la Injiniya lija palibenso amene amalitchula moseka. Malume ake nawo matama osati masewera. Amauza kasitomala aliyense kuti, "Ndikanapanda kupunthwa ine, bwenzi mwanayu ali pompano."

Inu amene makalata okukanani akuchulukirani, osataya mtima, lembaninso. Koma polembapo musabise chimene manja anu amadziwa, kaya n'kusoka, kuluka tsitsi kapena kukonza mafoni. Katani yanuyo ichotseni nokha, chifukwa si aliyense ali ndi malume oti adzamugwetsere.