Mapazi a Bambo Aloysius Namakhwa

Bambo Aloysius Namakhwa, amene parishi yathu inawaperekeza kumanda mwezi wathawu, anabadwira ku Thyolo m'banja la anthu othyola tiyi. Nsapato zoyamba anazivala tsiku la Ulimbitso, ndipo zinali zobwereka. Atakula anadza ku Blantyre nayamba ntchito yosenza matumba ku Makata. Akazi awo, Mayi Joan, anatsogola msanga, kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Jacqueline, amene anamulera okha m'nyumba ya lendi ku Chigumula.

Sanali munthu wa pakamwa. Kusesa tchalitchi, iwo. Kukumba manda, iwo. Wina akadwala mumphakati, ankadzuka kuona a Namakhwa ali pakhonde, kolona m'manja, atayenda wapansi. Ankakonda kunena kuti, "Mulungu samva pakamwa pokha, amaonanso kumene mapazi apita."

Koma chimene chinawatchukitsa ndi Lachisanu Loyera. Chaka ndi chaka, pa Njira ya Mtanda ku phiri la Michiru, ankavula nsapato patsinde n'kukwera pansi pali moto. Jacqueline akukumbuka kuti ali mwana ankawaona akutsimphina, mano ali gwa. Atakalamba zinasintha: ankaponda miyala yakuthwa ngati akuyenda pamphasa. "Sindimvanso kuwawa," ankatero mwamanyazi. Ife tinati ndi chisomo. Tinkawalozera ana athu, inde, ngakhale pa guwa anatchulidwapo!

Chaka chino atabwerako, Jacqueline anawatengera madzi ofunda kuti awasambitse mapazi. Atatukula phazi lamanzere anakuwa.

"Mayo ine! Ababa, mwayenda ndi chimenechi?"

"Chiyani, mwanangu?"

Chinali chibanthu cha botolo, chitalowa m'chidendene, magazi ataumira pomwepo. Mwini phazi sankadziwa n'komwe. Jacqueline anachizula, anamanga kansalu, koma chilonda chinakana kupola. Phazi linatupa, linada, linayamba fungo, mpaka anawagoneka kuchipatala.

Kumeneko namwino anawabaya kachala, anayang'ana kamakina, n'kufunsa Jacqueline kuti mankhwala a shuga anayamba liti kumwa.

"Shuga? Bambo angawa? Kuwonda konseku? Si nthenda ya mabwana a mimba imeneyo?"

Dokotala anamukhazika pansi. Anati nthendayi sisankha, ndipo inakhala m'thupi mwawo zaka zambiri. Ndiyo inapha mitsempha ya kumapazi, n'chifukwa chake samamva kuwawa. Ndiyonso imaletsa chilonda kupola. Chimene tonse tinkachiombera m'manja chinali matenda akudya bambo ake.

Pabedi loyandikana panagona mnyamata wa kabaza, mwendo wonse utasupuka pangozi. Ameneyo anachira n'kutuluka akuseka. Kabala ka a Namakhwa, kosaposa chikhadabo, kanatenga zala zakuphazi, kenako mwendo mpaka m'munsi mwa bondo.

Tsono apa tinene zoona, ngakhale zikuwawa. Amphakati tinkapita kukazonda monga mwa mwambo wathu, ndipo sitipita chimanjamanja: uyu Fanta, uyu Sobo, uyu mabanzi. Nthawi ya alendo ndi imene Jacqueline ankapezerapo mpata wokachapa. A Namakhwa anali atauzidwa kuti asamwe zotsekemera, koma munthu uja mphatso sankakana. Ankamwa pamaso pa aliyense kuti wobweretsa asachite manyazi. Tsiku lina Jacqueline anabwerera msanga n'kuwapeza botolo lili kukamwa, anzawo a kalekale Bambo Frank Muhiwa akuwagwirira.

"A Muhiwa, mukuwapha! Ababa, inunso, simunamve a dokotala?"

"Wayenda kuchokera ku Naperi ndi botololi," anayankha motsitsa a Namakhwa. "Ndimubweze nalo?"

Jacqueline analira poyera, ndipo a Muhiwa anatuluka manja ali kumutu. Zakumwazo zinaleka, koma thupi linali litatopa kale. Matenda a pachilonda analowa m'magazi, impso zinafooka. Sanadandaule, sanaloze munthu chala. Odwala anzawo akuti m'mawa uliwonse ankawatsogolera kolona ndi mawu onong'ona.

Bambo Mfumu atawadzoza mafuta a odwala, a Namakhwa anagwira dzanja la mwana wawo. "Ndinkayesa Ambuye andichotsera ululu pondikonda," anatero. "Kani ululuwo ndiwo unali mphatso yawo, wondichenjeza. Ukawauze anzanga akayezetse. Avalenso nsapato, Mulungu sadana ndi nsapato." Anatsinzina masana a Lamulungu, mwakachetechete, kolona ili pachifuwa.

Jacqueline sanataye mawuwo. Lamulungu lapitali, Misa itatha, anabwera ndi anamwino awiri, ndipo akhristu anandanda pansi pa mtengo kuyezetsa. A Muhiwa okha anakhala patali pabenchi, osasuntha. Jacqueline anapita n'kugwada pambali pawo.

"Ababa, simuyezetsa?"

Mkuluyo anayang'ana nsapato zake. "Mwanangu, inenso chaka chino ku Michiru miyala sindinaimve. Ndinakondwa, ndinati ndayamba kufanana ndi Aloysius."

Jacqueline anawamasula zingwe, anawavula nsapato pamaso pa mpingo wonse, natukula phazi lawo kuti aone kunsi kwake.