Ndinakwera Naye Mapiri Ali ndi Pakati

Ndimawotcherera mageti ku Kalingalinga, mu Lusaka. Cholakwa chimene ndikuuzanichi ndinachichita ndekha, koma amene chinamupweteka ndi mkazi wanga, Mwansa.

Ndinabadwira mu Lusaka, koma malemu bambo anga kwawo kunali kumapiri a Mafinga, kupitirira Isoka. Abale a kumeneko ankandiseka kuti ndine mwana wa m'tauni, sindingathe kuyenda popanda minibasi. Mawuwo ankandiwawa. Choncho uthenga utabwera mu Febuluwale kuti azakhali anga akudwala ndipo akufuna kuona mkazi amene ndinakwatira, ndinati tinyamuka sabata yomweyo. Mwansa anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. Apongozi anga a ku Matero anandipempha kuti ndipite ndekha, ine ndinakana.

Galimoto inatisiya pamene madzi anadula msewu. Kuchokera apo unali ulendo wapansi, chitunda chokhachokha, dothi lofiira loterera, nkhungu ikubisa njira. Madzulo tinafika pakamudzi ka nyumba zochepa pamwamba pa phiri. Mayi wina wolima nyemba anatipatsa malo ogona, naumitsa zovala zathu pamoto. M'mawa anandiitanira pambali. Anati njira yotsikira kumtsinje yagumuka ndi mvula, tidikire masiku atatu, ndipo munthu woyembekezera asaiyese n'komwe.

Mwansa anali atamva. Anati, "Imwe, tiyeni tinkaleko. Mendo yanga yavimba." Miyendo yake inalidi itatupa.

"Ni pafupi chabe, tizafika," ndinatero. Mumtima ndinkaopa kuti abale akamva kuti ndagonera panjira adzandisekanso.

Dzuwa lili pamutu, tikutsika, dothi linagumuka pansi pa phazi lake. Anagubuduka mpaka pamwala, ndipo nditafika pamenepo chitenje chinali chitanyowa kale magazi. Foni sinkagwira. Ndinathamangira kumudzi kuja kumene ndinakana malangizo, ndipo amuna anayi anasiya makasu, namanga machira a mitengo ndi bulangeti. Anamunyamula mvula ikuwamenya mpaka kuchipatala chaching'ono kuseri kwa phiri. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anandidzudzula.

Mwansa anapulumuka. Mwana, wamkazi, anabadwa wakufa. Amayi a kumeneko anakamuika okha monga mwa mwambo, ndipo mpaka lero sindidziwa pamene anagona. Azakhali aja anachira, ali moyo, akulima.

Tinabwerera ku Kalingalinga. Mwansa anayambiranso kugulitsa nsalu kumsika wa Kamwala. Sananditchulirepo nkhaniyi, koma mvula ikayamba kugunda malata amasiya chimene akuchita, ndipo ine ndimadziwa kumene maganizo ake apita.

Inu owerenga, mukapita kumapiri nthawi ya dzinja, mverani eni malo. Iwo ndiwo amadziwa njira imene yagumuka. Ulendo ukhoza kudikira chilimwe. Ndipo mkazi wanu akati watopa, khalani pansi pomwepo. Amene mukuopa kuti akusekani sadzakhalapo pomunyamula.