Tsiku Limene Ndinakhuthula Batire la Bambo

Ndiulule uchitsiru wanga: ndakalamba ndikukhulupirira kuti batire liyenera kutheratu musanalitchaje. Dzulo foni yanga inazima mwana wathu Patuma ali pakati pondiuza zimene adokotala amupeza nazo ku Zomba. Pozungulirazungulira pakhomo kusaka potchajira, ndinakumbuka pamene nthenda yanga ya mabatireyi inandiyambira.

Ndili mwana kwa Mwambo, bambo anali ndi batire la galimoto loyimbira wayilesi, nthawi ija siteshoni inali imodzi yokha. Likafooka ankalimanga panjinga kukatchajitsa ku Songani. Ine ndinkaona mayi akutaya madzi ogona mumtsuko asanathiremo atsopano, ndiye ndinati ndiwathandize bambo. Ndinatsegula tizivindikiro tonse n'kukhuthulira madzi a batirelo kuseri kwa nkhokwe. Fungo lake linandilasa m'mphuno, dothi n'kumachita thovu.

Bambo anapalasa ulendo wonsewo, n'kuuzidwa kuti batire lafika louma, lafa. Anabwera akulumbira kuti amupeza wansanje amene wachita zimenezi. Koma kutacha, kabudula wanga yekhayo wa kusukulu anali mabowo okhaokha. Ndinati ndi mbewa.

"Iwe, mbewa zake ziti zonunkha asidi?" anafunsa bambo, uku akuthyola kamtengo.

Nditamufotokozera mkazi wanga nkhaniyi dzulo usiku, sanaseke. Anandilanda foni n'kuimanga pakansalu kake.

"Bambo a Patuma, mwana akudwala. Foniyi ndizitchaja ndine. Ngati mukufuna choti chitheretu, kuleza mtima kwanga kwatsala pang'ono."