Kalata ya pachifuwa cha alamu anga

Nguluwe imene inang'amba ntchafu ya alamu anga m'munda mwawo ku Mburuma inali yaikulu ngati ng'ombe. Ndinaiona ndi maso angawa, sindikuwonjezera. Magazi anatayika ambiri moti mapira a pamalopo anabereka ofiira zaka ziwiri.

Tinawanyamula pa machila, amuna anayi, mpaka pa kachipatala ka m'dera lathu. Kumeneko kunali bambo womanga zilonda amene anaphunzira ntchitoyo kunkhondo. Anatsuka bala, analimanga zolimba, n'kuwalasa nyeleti yoletsa ululu. Kusoka anati n'kwa ku Feira. Akapanda kusokedwa tsiku lomwelo, mwendo udulidwa.

Ndinapempha kalata yoti tikapereke kumeneko.

"Pepala mukapichirira fodya panjira, ndikudziwani inu," anatero.

Ananyambita pensulo yake n'kulemba pachifuwa cha wodwalayo. Ine kuwerenga sindinkadziwa, koma ulendo wonse m'lole ya nsomba zouma maso anga anali pa zilembozo. Tinthu tiwiri tokhota tingauze bwanji munthu amene kunalibe zonse zimene zinachitika?

Titatsika ku Boma la Feira, amunafe tinapita kukafunsa khomo. Pobwerera tinapeza alongo anga, akazi awo a wodwalayo, akufinya kansalu. Chifuwa chinali mbee.

"Alongo, mwachita chiyani?"

"Mwamuna wanga akaonekere kwa anthu a pa Boma ali mbuu ngati mbatata yongofukula? Anganene kuti alibe mkazi."

Wosoka mabala wa ku Feira anayang'ana pachifuwa, chifukwa ankadziwa kachitidwe ka mnzake uja. Kenaka anayang'ana ife.

"Anamulasa mankhwala anji? Nthawi yanji?"

Wina anati dzuwa lili apa, wina anati apo. Ine ndinajambula pansi ndi chala zimene ndinaloweza. Anaziyang'ana nthawi yaitali n'kufunsa ngati ndi nkhanu.

"Ndikamulasa kachiwiri osadziwa, mwina sadzukanso," anatero. "Mugwireni."

Anasoka choncho, popanda nyeleti yoletsa ululu. Kukuwa kwa alamu anga kunawoloka mtsinje, ndipo ku Zumbo agalu anathawira kuphiri, ena sanabwerere mpaka lero. Amene akukayika akawawerenge.

Mwendo unatsala. Anauyendera zaka zambiri, akutsimphina pang'ono kukazizira, ndipo ukwati unapitirira bwinobwino. Kungoti kuchokera tsiku limenelo ankasamba okha.