Mkazi Wanga Ankayenda a Mbewe Akaimba

Ine sindine munthu wopepesa wamba. Koma lero ndikuvomera: nsanje yanga inamuthyola fupa mkazi wanga. Inu owerenga, mvetserani.

Ndimalima fodya ku Msakambewa. Mkazi wanga, Naphiri, takalamba naye limodzi. Pa kusoka fodya m'chigafa panalibe womuposa. Ndiye dzanja lake linayamba kunjenjemera, singano n'kumagwa. Kenako nkhope inauma. Ndikamuseketsa ankangondiyang'ana ngati chitsa. Akafika pakhomo la nyumba, mapazi ankamatirira pansi. Ine kukalipa, iye osasuntha.

Chinandipweteka ndi ichi. Kwaya ya amayi kumpingo kwathu amaitsogolera a Mbewe, bambo amene mkazi wawo anamwalira. Tsiku lina pochokera kumsika ndinapeza amayi akuphunzira nyimbo panja pa tchalitchi. A Mbewe akuomba m'manja, Naphiri wanga akuponda bwinobwino, kutsogolo, kumbuyo, ngati mtsikana. Munthu wolephera kudutsa pakhomo panga!

Pofika kunyumba ndinamufunsa, “Kodi miyendo yakoyo imamvera Mbewe yekha?”

“Abambo, nyimbo ikamveka miyendo imamasuka yokha. Chifukwa chake sindichidziwa.”

“Nyimbo, kapena mwini nyimbo?”

Sanalire, sanakwiye. Nkhope youma yomweyo. Ine ndinati ndiyo nkhope ya munthu wogwidwa. Ndinamuletsa kwaya. A Mbewe atabwera kudzamuzonda, ndinawabwezera kumpanda kuti akaimbire akazi a eni ena.

Atasiya kwaya anafooka msanga. M'mawa wina atanyamula ndowa, mapazi anamatanso pakhomo. Ndinakuwa, “Yenda! Kapena ndikuitanire Mbewe?” Anadzikakamiza. Thupi linapita, mapazi anatsala. Anagwa, fupa la m'chiuno n'kuthyoka.

Kuchipatala, adokotala anaona dzanja lija ndipo anandikhazika pansi. Anati ubongo umapanga mankhwala akeake otchedwa dopamini, othandiza kuti minofu imve lamulo ndi kuyamba kuyenda. Kwa Naphiri mankhwalawo akuchepa, matenda ake amati Pakinisoni. Nkhope nayo ndi minofu, n'chifukwa chake inauma. Mtima ukhoza kuseka, nkhope osaonetsa. Ndinafunsa za nyimbo, mwamanyazi. Anati kugunda kwa nyimbo kumapatsa mapazi poyambira, ndipo Naphiri akachira fupalo abwerere kukwaya.

Sukulu ndinalekezera kupulayimale, koma pamenepo ndinamva zonse. Ndinali nditamulanda mankhwala amene anadzipezera yekha.

Inu owerenga, makamaka amuna anzanga okalamba: mkazi akayamba kunjenjemera, kuuma nkhope, kukakamira pakhomo, musathamangire kuti ndi mwano, ufiti kapena chibwenzi. Pitani naye kuchipatala asanagwe. Nsanje siyeza matenda. Ndipo akakuuzani chimene thupi lake likumva, khulupirirani, pakuti thupilo ndi lake.

Lero Naphiri amamwa mapiritsi, amayenda ndi ndodo. Kuvina kuja sikunabwerere. Ndinapita ndekha kwa a Mbewe, chipewa m'manja, kuti andiphunzitse kaombedwe kawo. Sanandiseke, ndipo zimenezo zinandiwawanso.

M'mawa uliwonse ndimaima pakhomo, kuomba m'manja ndi kuimba ndi mawu anga a chule, kuti mkazi wanga atuluke. Dzulo anaima n'kundiuza, “Abambo, mukufulumira. A Mbewe saomba choncho.”

Nsanje ija inabweranso. Ndinaimeza, n'kuyambanso kuomba pang'onopang'ono. Anaponda.