Lettie ndi Amuna Ansanje a pa Limbuli

Inu amene mukuona ngati zitseko zonse zakutsekekerani, imvani za Lettie wa pa Limbuli.

Lachinayi lina masana, Lettie anali atakhala pa keliyala ya njinga, akulira mwakachetechete. Anali atatha masiku anayi pa siteji ya kabaza osanyamula munthu. Chokhacho chimene ananyamula chinali nkhuku, mwini wake n'kumatsatira pambuyo wapansi.

Njingayo inali ya mwamuna wake, Isake, amene anathyoka mwendo atagwa mumtengo wa mapeyala. Lamulo la pa sitejipo linali lakuti malo akakhala opanda mwini kwa milungu iwiri, amapatsidwa kwa wina. Malowo ndiwo ankadyetsa ana awo atatu. N'chifukwa chake Lettie anavala thalauza la mwamuna wake mkati mwa chitenje n'kupita kukawasunga.

Tcheyamani wa siteji, a Abdulkarimu, sanamuthamangitse. "Mlamu, ife sitiletsa," anatero. "Koma likafika Loweruka musananyamule munthu, munthu weniweni wopanda nthenga, malo a Isake apita."

Amuna ofuna kukwera ankafika, kumuyang'ana, n'kubwerera. Wina anafunsa, "Mayi, ndikakwera ndigwira pati?" Wina anati, "Tikafika pachitunda tisinthana eti?" Siteji yonse inkafa nako kuseka.

Lachinayi limenelo, akupukuta misozi, anaona Zuwena, mkazi wa a Jamilu a golosale, akuchokera ku sikelo wapansi, mwana kumbuyo, dzuwa likuswa mtengo.

"Anzanga, njinga zonsezi, inu wapansi?"

"Abambo akunyumba analetsa," Zuwena anayankha. "Akuti tsiku limene ndidzagwire wakabaza m'chiuno, ndidzapitirire konko."

Lettie anasiya kulira. Anakumbukira kuti pa Limbuli panali amayi ambiri otupa mapazi chifukwa cha nsanje ya amuna awo. Sanapite kwa amayiwo. Anapita kwa eni nsanjeyo.

"A Jamilu," anatero atafika pa golosale, "akazi anu akhoza kundigwira m'chiuno kuchokera pano mpaka ku Muloza, inu mtima uli m'malo."

A Jamilu anakanda ndevu. "Nanga mukakumana ndi anyamata panjira, mumaima?"

"Mabuleki anga sagwira pa anyamata."

"Mawa akupita kukaona amayi awo. Mubwere m'mawa."

Lachisanu Lettie anadutsa pa siteji atanyamula Zuwena, akuliza belu mosafunikira konse. Koma kutsogolo kunali chitunda chija. Atafika pakati, njinga inayamba kuyenda ngati yaledzera. Akabaza onse anali ataimirira, akuyang'ana.

"Palasani, anzanga!" Zuwena ananong'ona. "Mukatsika pano, atiseka tonse awiri mpaka tidzafe."

Lettie analuma mano, n'kuimirira pa mapedulo. Anafika pamwamba mtima ukugunda ngati ng'oma, koma phazi lake silinagunde pansi.

Loweruka m'mawa a Abdulkarimu anapeza mzere pa malo a Isake. Anali amuna asanu ndi mmodzi, aliyense ali ndi mkazi wake. "Ine si nsanje ayi," ankatero aliyense, asanafunsidwe n'komwe. "Ndikungofuna kutukula amayi pa bizinesi." Za kulanda malo sizinatchulidwenso.

Kunyumba nako zinthu zinasintha. Isake, mwendo uli m'chikhakha, anaphunzira kusambitsa ana ndi kuphika nyemba, atapsereza miphika iwiri. Anzake atamuseka, anawayankha kuti, "Unathyoka ndi mwendo. Manjawa alibe chikhakha." Atachira sanabwererenso pa siteji. Lero amakonza njinga zinayi za mkazi wake, ndipo zitatu mwa izo zimapalasidwa ndi amayi anzake a Lettie.

Chaka chatha njinga ya a Abdulkarimu inathyoka foloko tsiku limene ankathamangira kumaliro. Pa siteji panali Lettie yekha. A Abdulkarimu anamuyandikira pang'onopang'ono, maso ali pansi.

"Mlamu, pepani... ndigwira pati?"

"Pansi pa mpando pali chitsulo, tcheyamani," Lettie anayankha. "Chakhalapo zaka zonsezi. Kungoti akazi a eni simunkawauza."

Tcheyamani anagwira chitsulocho ulendo wonse.

Mwina inunso lero muli pa Lachinayi lanu, mwanyamula nkhuku yokha, ndipo akukusekani. Ndikudziwa kuti kuseka kwa anthu kumapweteka kuposa njala, ndipo kumatsatira munthu mpaka kunyumba. Komabe pukutani misozi, muyang'ane amene akudutsa wapansi. Musatsike pakati pa chitunda. Imirirani pa mapedulo, ndipo musataye mtima.