Chidindo Chimene Chinatera Pamutu pa a Bwanali

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha nanzikambe. Ndili Fomu 3 ndinamuika m'dirowa ya aphunzitsi a Bayoloje, iwo n'kukuwa mpaka kugwetsa bolodi, ine n'kuuzidwa kuti ndikaganize bwino kunyumba mpaka teremu ithe. Amalume anati munthu amaganiza bwino manja ali ndi girisi, ndiye ananditengera kwa mnzawo che Saidi, mwini galaja ina pa boma la Mangochi. Che Saidi anandifunsa zinthu ziwiri zokha: ngati ndili ndi khadi la chipani, komanso ngati ndimalemba Chingelezi chowerengeka. Zonse ndinali nazo. Za nanzikambe amalume sanatchule.

Galajayo inali yaing'ono, koma inali ndi ulemu wake. Kampani ina ya ku Blantyre yogulitsa mapikapu atsopano inaivomereza kuti izichita sevisi m'malo mwake, kuti anthu a kunyanja asamavutike ndi ulendo. Pikapu yatsopano inkabwera ndi galanti: ikaonongeka chaka chisanathe, kampani ikonza yokha, bola sevisi iliyonse ioneke m'kabuku kobiriwira kokhala m'galimotomo.

Sevisi inkayenda chonchi. Galimoto aiimika pamwamba pa dzenje, makaniko atsikira pansi ndi sipanala, amasula nati ya sampu, oyilo wakuda n'kukhuthukira m'chidebe. Asintha fyuluta, apukuta mapulagi, apopera girisi m'malo onse opindika, aona madzi ndi mabuleki, kenako athira oyilo watsopano. Zikatha izi inkabwera mbali yanga. Ndinkalemba jobu khadi, kukopera makilomita a pa wochi ya galimoto, kutembenuza timawilo ta deti pa chidindo, kuchinyowetsa pa padi ya inki yofiirira ngati maluwa a jakaranda, n'kudinda pakhadipo ndi m'kabuku. Che Saidi ankasaina pansi pake. Tsiku loyamba, akunditchula mwana m'Chiyao chawo, anandiuza kuti, "Mwanache, kwa ife galimoto imachira padzenje. Kwa a ku Blantyre imachira papepala."

Makaniko wamkulu anali a Bwanali, munthu wa dazi losalala ngati chigaza cha mphonda. Akadya masana ankagona pa mpando wakale wa lole pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili pamimba. Milungu itatu ndinalimbana nalo dazi limenelo. Tsiku lina Lachitatu, mitambo itayamba kuda cha ku Chowe, ndinagonja. Ndinatembenuza deti bwinobwino, n'kunyowetsa chidindo mokwanira, n'kuchiika pakati penipeni pa mutu wawo mwaulemu wonse. Sanadzuke. Atadzuka anatumidwa kukagula mabawuti kwa Mmwenye, ndipo anayenda msika wonse ali ndi dzina la galaja, deti, ndi mzere wosainapo pamutu. Mayi wina wogulitsa usipa anawafunsa ngati anawasinthanso oyilo. Ndinene zoona, mpaka lero ndikakumbuka ndimagwira nthiti, ndipo sindinapepesepo.

Vuto linali loti inki inandithimbirira zala zonse. Ndinabisa chidindo ndi padi yake m'tayala lakale kuseri kwa galaja, manja n'kuwaponya m'matumba.

A Bwanali atangobwerako kumsika, inalowa pikapu yoyera ya a Chilambe. Amenewa anandiphunzitsa Sitandade 5, munthu wa mpingo wa Angilikani wa kutsidya, cha ku Malindi. Atapuma ntchito anatenga zonse zimene boma linawapatsa n'kugula pikapu imeneyi kuti azinyamula nsomba kuchokera ku Chembe kupita ku Limbe. Ankaipukuta ndi mpango wa m'thumba. Anabwera kudzachita sevisi yachiwiri, makilomita atangokwana ndendende.

Ntchito inagwirika yonse, ndinaiona ndi maso angawa. A Bwanali anaichita atavala chipewa mpaka m'makutu, akutukwana chapansipansi. Itafika mbali yanga, che Saidi anasuzumira patebulo.

"Chidindo chili kuti?"

"Ndiye ndimafuna ndikufunseni, che Saidi. Chiyambire masana sindinachione."

"Lemba khadi, tichifune pambuyo."

"M'mimba mwandigwira," ndinatero, n'kuthamangira kuchimbudzi manja ali m'matumba. Ndinakhalako mpaka khadi linaiwalika.

A Chilambe anali pachangu, nsomba zinkawadikira ku Chembe. Che Saidi anawauza kuti akadzadutsanso adzaime tidzadinde. A Chilambe anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Palibe kanthu. Pano pali mwana wanga, wa sukulu uyu. Adzakumbuka."

Madzulo ake mvula inagwa yambiri, tayala lija n'kudzaza madzi. Patatha masiku atatu ndinakavuula chidindo n'kuchiika pansi pa tebulo kuti chioneke ngati chinangogwa. Padi inali itasukuluka, ndipo che Saidi anagula ina ya inki ya buluu. A Chilambe ankadutsa pamsewu kawiri pamlungu, kuliza hutala ndi kutikweza dzanja, koma nsomba sizidikira, ndipo ine sindinawaimitsepo. Ndinkakumbuka, komatu kuwaimitsa kukanadzutsanso nkhani ya dazi.

Patapita miyezi iwiri anaibweretsa pikapuyo ikukokedwa ndi thirakitala kuchokera ku Makokola. Injini inali itanoka, itaferatu. A Bwanali atatsegula anapeza mabeyaringi atasungunuka ndipo kirankishafuti itakalika, vuto loti linachokera kufakitale. Mtengo wa injini ina a Chilambe sakanaufika ngakhale atagulitsa nyumba. Koma sanade nkhawa. "Si pali galanti?" anatero. Kampani inayankha kuti itumiza munthu wake kudzaona.

M'mawa wa tsiku lomwe ankabweralo ndinatsegula kabuku kobiriwira kaja. Bokosi la sevisi yoyamba linali ndi chidindo chofiirira. Lachiwiri linali mbee. Ndinakaonetsa che Saidi. Iwo anati, "Tikamuuza zoona. Chidindo chinasowa, ntchito inagwirika. Ndilumbira pamaso pake." N'kupita kumzikiti kukaswali.

Ine ndinaona ngati akuluakuluwa alibe nzeru. Munthu wa Fomu 3 angalephere kanthu kakang'ono chonchi? Ndinabweza timawilo ta deti mpaka Lachitatu lija, n'kudinda, n'kulemba makilomita, n'kutsanzira saini ya che Saidi, yomwe ndinali nditaiphunzira kale pa zifukwa zina. Ndinatseka kabuku n'kukabwezera m'galimoto, ndikudziona ngati mpulumutsi.

Wa ku Blantyre anafika cha m'ma leveni, wa suti yotuwa ndi baji ya chipani pachifuwa. Sanali munthu woipa. Anatsikira yekha m'dzenje, anagwira oyilo ndi zala n'kununkhiza, anayang'ana fyuluta n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anapempha kabuku. Che Saidi anayamba kuti, "Bwana, pamenepo pali kankhani," koma bamboyo anali atatsegula kale.

"Kankhani kanji? Chidindo si ichi?"

Che Saidi anasuzumira, n'kutembenuka kundiyang'ana. Bambo uja anaona kuyang'anako. Anapaka chala chachikulu pa chidindocho, inki n'kutsetsereka. Tsamba loyang'anana nalo linali litatengera kale mthunzi wake. Anaitanitsa makhadi a Lachitatu lija. Awiri a m'mawa anali ndi inki yofiirira. La a Chilambe panalibe.

"Inki ya miyezi iwiri siimata chala," anatero. "Ndipo tsiku limeneli munkadinda yofiirira. Wadinda ndani?"

Ndinavomera. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa tayala mpaka m'mimba mwabodza muja. A Bwanali anavula chipewa n'kuloza pamutu. "Bwana, chidindo cha tsiku limenelo chinali apa. Inki yake yomweyo, deti lake lomwelo. Msika wonse ndi mboni. Ndinachichotsa ndi palafini."

Bamboyo anatsala pang'ono kuseka, koma anadzigwira. Anatseka kabuku n'kunena motsitsa mawu kuti, "Mukanandionetsa bokosi lopanda kanthu, ine oyiloyu ndamuona, ndikanakalembera akuluakulu kuti sevisi inachitika. Koma kabuku aka kakapita ku Blantyre chonchi, ndi chinyengo. Masiku ano nkhani zotere mukudziwa kumene zimathera. Ndilemba kuti sevisi yachiwiri palibe umboni wake. Ndi chifundo chokhacho chimene ndingakuchitireni."

A Chilambe sanakalipe. Ankangopinda ndi kutambasula mpango wawo uja. Pomaliza anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye unkakumbuka nthawi yonseyi, ndikamaliza hutala paja?"

Ndinati eya.

"Chabwino," anatero. Bola akanandimenya.

Che Saidi sanandichotse ntchito tsiku lomwelo. Anandipatsa sipanala kuti ndithandize a Bwanali kubwezera injini yakufayo m'malo mwake, nati iliyonse, kuti ndidziwe kulemera kwake. Loweruka anandiuza kuti ndibwerere kusukulu, galaja siikusowanso Chingelezi.

Pikapu ija ili pamiyala kuseri kwa nyumba ya a Chilambe. Matayala anagulitsa, nkhuku zimaikira mazira kutsogolo. Iwo amapita ku Limbe pa basi ndi madengu awiri a usipa wouma, ndipo tikakumana pa depoti amandipatsabe moni ndi kundifunsa za mayeso. Kupusitsa anthu sindinasiye, funsani ahedi athu za belu la sukulu. Koma ndinaphunzira kusaseweretsa chinthu chimene munthu wina akuchidalira, ndiponso kuti bokosi likakhala lopanda kanthu uzilisiya choncho n'kunena chifukwa chake. Dazi la a Bwanali linayera tsiku lomwelo. Mpango uja a Chilambe amayenda nawobe m'thumba, koma chopukuta palibe.